Njerwa za Mitundu 81

Munthu wokulira kwa Mavwere sachita kuuzidwa za njerwa. Mtedza ndi soya zikagulitsidwa, fodya atapita ku okushoni, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itayandikira mauvuni amafuka utsi m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Lilongwe-Mchinji, cha ku Waliranji ndi kwa Nkhwazi. Ana amadziwa kuti pabwalo poyanika njerwa sathamangitsirapo mbuzi. Amayi amadziwa kuti dzenje limodzi la matope limamwa ndowa zingati. Mnyamata aliyense ananyamulapo chikombole mpaka msana kuwawa. Nzeru imeneyi ndi imene munthu ayenera kupita nayo akafuna kukathera Loweruka ndi Lamulungu ku Blantyre wakale, chifukwa chimene akukaona kumeneko ndi ntchito ya dothi, madzi, nkhuni ndi manja.

Ulendo wake ndi wautali: minibasi mpaka ku Lilongwe, kenako basi ya makilomita oposa 300 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa. Ndi bwino kunyamuka Lachisanu. Blantyre wakaleyo ndi kamzinda kakang'ono kobisala m'kati mwa mzinda waphokoso wa lero, ndipo munthu amakamaliza ndi miyendo. Kanayamba ndi mishoni ya a Church of Scotland pa 23 Okutobala 1876, m'dziko la mfumu Kapeni, pamalo pomwe Henry Henderson anasankha akuperekezedwa ndi Tom Bokwito. Kuchokera pamishoni mumatsetsereka kulowa m'tauni, kudutsa holo yakale yokumbukira Mfumukazi Victoria ya 1903, n'kuwoloka Mudi kukwera ku Mandala.

Loweruka m'mawa n'koyenera kuyamba ndi Mandala House, nyumba yosanja ya kampani ya African Lakes yomwe inamangidwa mu 1882. Pano chophunzira ndi khonde. Makoma ake ndi okhuthala, omangidwa ndi matope, ndipo khoma lotere mdani wake ndi mmodzi: mvula yowomba cham'mbali. Omanga analizinga ndi khonde lalikulu, denga n'kulitulutsa kutali, kotero kuti madzi amagwera pansi asanakhudze khoma ndipo dzuwa la masana silifika pazenera. N'chifukwa chake m'kati mumazizira bwino ngakhale mu Okutobala. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi. Ola limodzi kapena awiri akwana, chifukwa ntchito yeniyeni ya maso ikudikira kumishoni.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels chili pamsewu wa Chileka, kufupi ndi depoti ya Wenela ndi sukulu ya HHI. Anayamba kuchimanga mu 1888 ndipo anachipatula pa 10 Meyi 1891. Amene anachilingalira ndi m'busa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo zojambula kapena kumanga nyumba. Amene anaumba, kuwotcha ndi kusanja njerwa zake anali anthu a komweko, omwe anali asanagwirepo ntchito ya mtundu umenewu. M'litali ndi mafiti 106, pafupifupi mamita 32. M'lifupi mafiti 30, ndipo msonga ya denga ili pa mafiti 37. Poyerekeza ndi matchalitchi a masiku ano si chachikulu. Koma akatswiri amene anachiyang'anitsitsa anawerengamo mitundu ya njerwa yokwana 81, zonse zoumbidwa ndi kuwotchedwa pamalo pomwepo.

Ambiri amaima patali, kujambula chithunzi, n'kumapita. Ine ndimati yambani mwayandikira mpaka mphuno itatsala pang'ono kugunda khoma, muone kaye njerwa wamba imene yanyamula nyumba yonse. Ndi yaikulu kuposa zathu zakumudzi: mainchesi 12 m'litali, 6 m'lifupi, 3 kuchindikala kwake. Manambalawa sanangogwa okha. Mulifupi muwiri mukwana mulitali mumodzi, ndipo kuchindikala kuwiri kukwana mulifupi mumodzi. Njerwa yotere mungaigoneke, mungaitembenuze, mungaiimike, imakumanabe ndi inzake popanda kuidula. Mmisiri amene alibe pulani yojambula amafuna njerwa imene imadziwerengera yokha masamu.

Tsopano tsatani mizere ndi chala. Mzere umodzi njerwa zagona m'litali motsata khoma. Mzere wapamwamba pake zalozetsa mitu kunja, matupi awo atalowa m'kati mwa khoma. Kenako zogona m'litali, kenakonso za mitu. Kasanjidwe aka amisiri amakatchula kuti English bond. Njerwa za mitu zija zimamanga nkhope yakunja ya khoma ndi yam'kati kuti zisasiyane, ndipo palibe mpata woimirira umene wagwera pamwamba pa unzake. Mng'alu ukayamba umasowa njira yowongoka. Umagunda pakati pa njerwa n'kuima. Kuti mizere iwongoke chonchi, mmisiri amayamba wakweza ngodya ziwiri, kumanga chingwe pakati pake, n'kumayala matope ndi mpeni womangira. Njerwa iliyonse amaikhazika, kuigogoda pang'ono ndi chigwiriro cha mpeni mpaka m'mphepete mwake mutangotsala ulusi kukhudza chingwe, n'kupala matope otuluka. Ikakankha chingwe, mzere wonse wakhota. Chitani zimenezi kambirimbiri, zaka zitatu, ndiye muli ndi khoma limene mwaligwirali.

Koma njerwa imabadwira kudzenje, ndipo apa wa kwa Mavwere amatha kuona zimene mlendo wina sangaone. Si dothi lililonse limaumbika. La makande lokhalokha limamata bwino koma likamauma limang'aluka. Lamchenga wambiri siling'aluka koma limafumbutuka m'manja. Woumba amatapa pang'ono, kunyowetsa, kufinya, kupotokola pakati pa zikhatho, ndipo zala zimamuuza ngati pakufunika kusakaniza. Akakumba amathira madzi n'kulisiya dothilo ligone, kuti zibuma zonse zilowe madzi mpaka pakati. M'mawa mwake amaliponda ndi mapazi, akutembenuza ndi khasu, ndipo phazi likamva kamwala kapena muzu amawerama n'kuchotsa. Kamwala kotsalira kamaphulitsa njerwa pamoto. Njerwa ya zaka zoposa 130 imene ilibe mng'alu ikukuuzani kuti wina anaponda mosanyinyirika.

Kenako chikombole. Woumba amachiviika m'madzi kuti matope asakakamire, amatapa chibuma ndi manja awiri n'kuchiponya mwamphamvu. Kuponyako n'kofunika: matope oikidwa mwaulemu safika m'ngodya, ndipo njerwa imatuluka yobenthuka milomo. Amakanikiza, kusalaza pamwamba, wonyamula n'kuthamanga nacho kubwalo losesedwa bwino, kuchivundikira pansi, n'kuchikweza mowongoka osagwedeza. Njerwa zanthete amazifunditsa udzu kuti dzuwa lisaumitse khungu m'kati mukadali madzi. Pakapita masiku amaziimika cham'mbali kuti mphepo ipite ponseponse. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene kalipentala wa chikombole sayenera kuiwala: dothi limafota. Limafota pouma, limafotanso pamoto. Kuti njerwa ituluke mainchesi 12, chikombole chiyenera kupitirirako pang'ono, ndipo kapang'ono kameneko kamasiyana malinga ndi dothi. Amakadziwa poyesa basi.

Zonsezi ndi za njerwa ya makona anayi. Kwezani maso tsopano pazitseko, pamazenera, m'mphepete mwa denga ndi pansanja ziwiri za kumaso kwa tchalitchi, muyambe kuwerenga zinazo. Pali zonenepa mbali imodzi n'kuwonda mbali ina. Pali za mlomo wobulungira. Pali zokumbika m'kati, zimene zikasanjidwa zimapanga ngalande yosalala yoyenda m'mbali mwa khomo. Pali zokhota, zimene zingapo zikakumana zimatseka bwalo ndipo zikakwerana zimasanduka chipilala chobulungira. Zimene patali zimaoneka ngati zosema pamwala, pafupi mumapeza kuti ndi dothi loumbidwa. Apa m'pamene ndimagoma ndi wosema zikombole, chifukwa iye amaganiza chobwerera. Pamene njerwa iyenera kutumphuka, thabwa lake alikumbe. Pamene iyenera kulowa, thabwa alisiye lotumphuka. Asiyenso potulukira: chikombole chokongola chimene chikugwira matope osawataya n'chopanda ntchito. Ndipo popeza njerwa yokhotayo ikagona pakati pa njerwa wamba, kufota kwake kufanane ndi kwa zinzake, apo ayi mzere udumpha. Mtundu uliwonse mwa mitundu 81 ija unafuna kuganiza kotereku pawokha.

Moto ndiye woweruza. Uvuni wa nkhuni umamangidwa ndi njerwa zomwezo zimene zikuwotchedwa. Pansi amasiya makomo, tinjira todutsa mbali ina mpaka inzake, ndipo pamwamba pa khomo lililonse njerwa amazisendeza pang'onopang'ono mzere ndi mzere mpaka zitakumana. Zotsalazo amazisanja motalikirana ngati kukula kwa chala kuti moto upeze pokwera. Kunja konse amamata ndi matope. Moto woyamba ndi waung'ono, wa utsi woyera, wongotulutsa chinyontho chotsalira. Mukaupupuluma, nthunzi imaswa njerwa m'kati. Utsi ukasintha m'pamene amaponya zitsa zikuluzikulu, usiku ndi usana osagona, akuyang'ana kumene mphepo ikuchokera ndi kutchinga khomo limene likupsa mopitirira. M'kati mukafiira ngati makala amatseka makomo onse, n'kuusiya uvuni uzizire wokha kwa masiku angapo. Woupasula msanga amapeza maduka.

Kufiira kwa njerwa kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothi, ndipo uvuni wa nkhuni supsa mofanana. Zapafupi ndi khomo zimada ndi kulimba kwambiri, zina mpaka kupindika, zapakati zimafiira bwino, zakunja zimatuwa. Khoma la St Michael silili ndi mtundu umodzi, ndipo dzuwa likapendeka madzulo mumaona kufiira kosiyanasiyana kukusinthana. Wosankha njerwa amagwiritsa ntchito khutu: amagundanitsa ziwiri, yakupsa imalira ngwee, yosapsa imangoti phu. Taganizani tsono za njerwa yokhota imene pakufunika khumi ndi ziwiri zofanana kuti khomo limodzi litheke. Woisanja mu uvuni ayenera kuipezera malo abwino pakati, kutali ndi lawi komanso kutali ndi mphepo, ndipo aumbe zopitirira chifukwa zina ziwonongeka ndithu.

Chodabwitsa kwambiri pa mbiri ya nyumbayi n'chakuti Scott sanajambule mapulani atsatanetsatane ntchito isanayambe. Chigawo chilichonse ankayamba achiyesa ndi njerwa zouma, popanda matope, ndipo chikakhala bwino m'pamene ankachimanga. Ena amaimva nkhaniyi ngati umboni wa kulimba mtima. Ine ndimaona kuti inali njira yanzeru yophunzitsirana. Pepala la mizere limafuna munthu amene anaphunzira kuliwerenga, koma khomo loyalidwa pansi aliyense amaliona, amalizungulira, amachotsa njerwa imodzi n'kuyesa ina. Ngati pakati patsala mpata, onse auona limodzi, ndipo kalipentala abwerera kukakonza chikombole njerwa zambiri zisanaumbidwe. Pulani inalipo, koma inali ya dothi, yaikulu ngati chinthu chenichenicho, ndipo woumba, wosema ndi womanga ankatha kuigwira ndi manja.

Taimani pakhomo lililonse lokhota pamwamba muone chimene ankayesacho. Masiku ano pamwamba pa chitseko timathira lintala ya simenti ndi zitsulo. Apa palibe chitsulo chogwira njerwa. Pali uta wa njerwa zokhazokha. Kalipentala amayamba wakhoma thabwa lokhota n'kuliimika pamitengo pakati pa khomo. Womanga amayala njerwa zonenepa kunja zija pamsana pa thabwalo, kuyambira kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi kuti kulemera kufanane, ndipo mpata uliwonse pakati pa njerwa uyenera kuloza pamalo amodzi, pakatikati pa bwalo. Kachingwe kokhomeredwa pamsomali pamalopo ndiko kamamuwongolera. Pamwamba pamatsala malo a njerwa imodzi. Ikalowa imeneyo, uta watsekeka. Matope akagwira amagwetsa thabwa, ndipo njerwa zimene zimafuna kugwa zimapezeka kuti zapanikizana. Iliyonse ikutsekereza inzake. Mukawonjezera katundu pamwamba, zimangogwirana kwambiri.

Komabe kulemera sikusowa, kumangosintha njira. Uta umakankhira miyendo yake kunja, ndipo khoma lopanda chochirikiza lingatseguke. N'chifukwa chake pozungulira tchalitchichi mumaona zipilala zotuluka kunja kwa khoma, ndi timauta tina todumpha m'mwamba kuchoka pakhoma lalitali kukatera pachipilala. Munthu angaziyese zokongoletsa, koma zili pantchito: zikulandira mphamvu yokankha ija n'kuitsitsira m'nthaka. Mukaima pangodya n'kutsata ndi maso kuchokera padenga, kudzera pakauta, kutsika m'chipilala mpaka pamaziko, mumaona njira yonse imene kulemera kukuyenda. Nyumba zambiri zimabisa zimenezi m'kati mwa pulasitala. Iyi imazionetsa poyera.

Pamwamba pali madenga obulungira onga mphika wovundikira. Kumanga denga lotere ndi njerwa ndi uta womwe uja, koma wozungulira mbali zonse. Mzere uliwonse ndi mkombero, wocheperako kuposa wapansi pake ndiponso wopendekera m'kati pang'ono. Mkombero ukangotsekeka umadzigwira wokha, chifukwa kuti njerwa imodzi igwere m'kati iyenera kukankha zinzake zonse. Nthawi yovuta ndi pamene mkombero uli theka, njerwa zomaliza zikungodalira kumata kwa matope, womanga ali pamwamba pa mitengo yomangidwa ndi luzi. Pakona pamene nsanja ya kum'mwera chakumadzulo yakumana ndi khoma lam'mbali pali kansanja ka belu, kokhala ndi denga lake lobulungira la kamangidwe ka Aluya, ndipo m'kati mwake muli masitepe ozungulira. Sitepe iliyonse ndi yopapatiza pakati, yotambalala kukhoma, ndipo zonse ziyenera kutalika mofanana, chifukwa phazi lokwera mumdima limakhulupirira kuti yotsatira ili ngati yapitayo.

Nsanja ziwiri za kumaso zija sizofanana. Yang'anani zokongoletsa za imodzi, kenako za inzake, mupeza kuti iliyonse ili ndi maganizo ake. Kwa ine apa m'pamene pamaonekera bwino kuti nyumbayi inkaganiziridwa ikukwera. Zokongoletsazo n'zosavuta kuzimvetsa mukayandikira: njerwa ina yatulutsidwa pang'ono, ina yalowetsedwa, ina yaimikidwa chopendeka kuti ngodya yake isongoke. Chotsalacho amamaliza ndi dzuwa. M'mawa mithunzi imagwera mbali ina, madzulo mbali ina, ndipo khoma lomwelo limasintha nkhope. N'chifukwa chake tsiku limodzi silikwana.

Lamulungu ndi tsiku lolowa m'kati, chifukwa tchalitchichi chikugwirabe ntchito pansi pa Sinodi ya Blantyre ya CCAP. Mlendo alowe ngati wopembedza, zoyang'ana makoma zidikire mapemphero atatha. M'kati muli mzere wa mauta asanu ndi limodzi wokhala pazipilala, wolekanitsa pakati pa tchalitchi ndi tinjira tam'mbali. Apa uta ukugwira ntchito ina: m'malo mwa khoma lotseka, kulemera kwa pamwamba kwasonkhanitsidwa pamiyendo yochepa, ndipo anthu, kuwala ndi mawu zikudutsa momasuka. Mauta oyandikana amakankhana okhaokha n'kuthetsana mphamvu. Wakumapeto yekha ndiye amafuna khoma lolimba lomutsamira. Kuwala kumalowa kudzera m'magalasi amitundu, ndipo m'makoma muli zikwangwani zamkuwa za anthu a mishoni. Nyimbo ikayamba, khoma lolimba ndi denga lalitali zimasunga mawu kamphindi asanazimirire, kotero kuti oimba ochepa amamveka ngati ambiri. Limba la mipope analiikamo mu 1907, magetsi mu 1912.

Dzina limene limatchulidwa ndi la Scott, ndipo n'loyenera; munthu yemweyo ndiye anasindikiza dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892, kusonyeza kuti ankamvetsera anthu amene ankagwira nawo ntchito. Koma munthu mmodzi saponda dothi la nyumba yotere, sagona maso pamauvuni onse, sakhazika njerwa iliyonse pachingwe. Mawu akuti omangawo anali osadziwa ntchitoyi amafunika kuwamva bwino. Uta ndi English bond zinali zachilendo, inde. Koma awa anali ana a anthu oumba mbiya ndi kuziwotcha, omata nkhokwe, osula makasu m'ng'anjo zadothi, osema mitondo ndi mabwato. Kudziwa dothi ndi chala, moto ndi diso, mtengo ndi kasemasema, anabwera nako kuchokera kwawo. Chatsopano chinakhazikika pa chakale, ndipo m'zaka zitatu anafika pomanga denga lobulungira limene lapirira mvula zoposa zana limodzi.

Uvuni wa nkhuni masiku ano uli pamlandu, ndipo mlanduwo ndi woona: umadya mitengo yambiri, ndipo aliyense wa ku Mchinji waona mmene nkhalango zapitira. Mu 2018 malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo mabuloko a simenti afalikira. Koma buloko ili ndi nkhope imodzi, ndipo nyumba ngati St Michael idzafunabe munthu wodziwa zakale. Tchalitchichi chinakonzedwapo m'zaka za m'ma 1970, ndipo nyumba ya njerwa siisiya kufuna dzanja: mvula imakokolola matope a m'mipata, timitengo timamera m'ming'alu, njerwa yosapsa bwino imayamba kufumbutuka.

Njerwa wamba ikawonongeka, kupeza ina n'kosavuta. Koma ikafumbutuka yokumbika m'kati ija, ya m'mbali mwa khomo, palibe sitolo yoigulitsa. Wokonza ayenera kupeza inzake yamoyo, kuiyeza mbali zonse, kujambula mkombero wake pathabwa, n'kuwonjezera kapang'ono ka kufota. Aseme chikombole chobwerera, afune dothi limene likapsa lifanane mtundu ndi lakale, aumbe zingapo, aziumitse pamthunzi, aziwotche, n'kusankha imodzi ndi khutu. Yakufayo aigobe pang'onopang'ono osagwedeza zoyandikana nazo. Matope omangira akhale ofewa kuposa njerwa, monga a laimu, chifukwa simenti yolimba kwambiri imatsekera chinyontho m'kati ndipo imadya milomo ya njerwa zakale. Akatero anyowetse bowo, ayale matope pansi ndi m'mbali, alowetse yatsopanoyo mpaka ngalande yake ikumane ndi ya pamwamba ndi ya pansi, n'kutsinira matope otsala mumpata wapamwamba ndi kachitsulo kopyapyala.